Kuseri kwa Boneti

Madzi a ku Kaporo sagogoda pakhomo. Mvula ikagwa ku mapiri a Misuku, kumunsi kuno dzuwa limatha kuwala bwinobwino, anthu n'kumayanika zovala, kenako masanasana mtsinje wa Kyungu n'kungotulukira m'minda ya mpunga ngati wabwera kudzazonda abale. Lettie anali atakhala kumeneko zaka zitatu zokha, koma khalidwe la mtsinjewo anali atalidziwa. Chaka chatha madzi analowa m'chigayo chake mpaka kulekeza m'chiuno, ndipo anatha milungu isanu akukokolola matope m'kati mwa injini ndi nsanza zomanga kukamtengo. Analumbira kuti zimenezo sizidzachitikanso.

Chigayocho chinali cha malemu bambo ake ku Mwenilondo. Maso a bambowo atayamba kuchita khungu, Lettie anasiya sukulu ali Fomu 1 n'kukhala maso awo ndi manja awo. Iwo ankangokhala pathumba la gaga, khutu lili tcheru, n'kumamuuza nati yoti amasule. Atamwalira, abale anagawana mbuzi ndi malata, koma injini yakale yofuka utsi ija palibe anaifuna. Lettie anapita nayo ku ukwati monga mmene ena amapitira ndi mapoto. Tsopano ndi imene inkapuntha mpunga wa mudzi wonse, ndiponso imene inkagulira mwana wake Ipyana sopo ndi phala.

Tsikulo m'mawa foni inalira kuchokera kumtunda kuti mtsinje wadzaza, ukubwera ndi mitengo. Mwamuna wake Bruce anali ku Dar es Salaam, kokatenga galimoto ya munthu wina wa pa Songwe. M'mudzi monse galimoto inalimo imodzi, pikapu yoyera ya dizilo, yokalamba koma yosamalidwa ngati mwana wobadwa yekha. Mwini wake anali a Kenan Mwakisulu, bambo ake a Bruce.

Apa ndiye panali povuta. Kwa Ankhonde osunga mwambo, mkazi wa mwana sayang'anizana ndi apongozi ake aamuna. Sayankhula nawo, sakhala nawo pafupi, ngakhale dzina lawo satchula. Akawaona akubwera panjira, amapatukira kutchire, chitenje chili kumutu. Mabanja ena masiku ano anazisiya zimenezi, koma osati kwa a Mwakisulu. Pa zaka zitatu zonsezo Lettie nkhope yawo anangoiona pachithunzi chaukwati. Ankawadziwira kutsokomola, kawirikawiri kamodzi kouma, ndi kulira kwa jombo zawo zamphira. Akafuna kuwatchula ankati agogo ake a Ipyana.

Uthenga wopempha galimoto unadzera mwa apongozi aakazi, ndipo yankho linabwerera njira yomweyo kuti pikapu ikoka. Amuna asanu ndi mmodzi anakweza injini ndi makina opunthira pa ngolo ya thirakitala ya kalabu ya alimi, n'kumanga ndi zingwe, kenako n'kuthamangira kokamasula ng'ombe zawo. Ulendo unali wa kutchalitchi cha pamtunda, kufupi ndi msewu wa tala. Lettie anakwera pangolopo n'kukhala pabokosi la zitsulo la bambo ake, atafulatira kutsogolo, Ipyana ali kumsana, chitenje chili kumutu. Kutsogolo, pambali pa dalaivala, a Mwakisulu eni ake, kunakhala Gregory, mlangizi wa zaumoyo wochokera ku Ntcheu, yemwe anali ndi miyezi isanu ndi itatu m'deralo. Anali atakumbatira kabokosi ka katemera, ndipo m'mudzimo aliyense ankangomuti adokotala.

Makilomita awiri oyamba anayenda bwino. Koma atafika pamene msewu umafewa n'kuyamba kukwera kachitunda ka ngalande, dalaivala atatsitsa giya n'kuponda moto, phokoso linayamba. Tcha, tcha, tcha, tcha. Lettie analimva msana usanawongoke n'komwe. Akachotsa phazi linkachepa, akapondanso linkabwerera, lakuthwa, lotsatana ndi kuzungulira kwa injini. Anatseka maso n'kuyamba kuwerenga. Linkabwera kamodzi pa kugunda kunayi kulikonse.

Pikapu inaima pamphambano, pansi pa mtengo wa mango, ndipo injini inazimitsidwa.

Pamenepo panali Yunike, mayi wa thupi lake, akuwotcha chimanga pambaula. Anthu ankadutsa atasenza matilesi, nkhuku zili m'madengu, koma iye anali phee, akutembenuza zisononkho. Gregory atamufunsa ngati sanamve za madzi, anayankha kuti wamva, ndipo n'chifukwa chake wabwera, popeza wothawa nayenso amamva njala. Kenako analoza kutsogolo ndi mpeni. Mamita mazana awiri kuchokera pamenepo msewu unkatsika padambo, ndipo madzi ofiira anali atayamba kale kuwoloka, akulekeza mu akakolo mwa anthu. Pambali pake panali chipilala cha simenti chokhala ndi mzere wofiira. Yunike anati madzi akafika pamzerepo, palibe galimoto imawoloka, ngakhale ya asilikali.

Lettie anamva chitseko chikutseguka, jombo zikulira m'matope, kutsokomola kouma. Anakokera chitenje kumaso. Mkuluyo anayankhula ndi Gregory m'Chichewa chake cholemera ndi Chinkhonde, mawu ali pansipansi. Anati phokoso limeneli akulidziwa. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo anali ndi minibasi, ndipo inayamba kugogoda chonchi pokwera Chiweta. Iwo anati tingofika pamwamba. Pamwambapo sanafike. Chitsulo chinaboola injini m'nthiti n'kutulukira kunja, oyilo n'kukhuthukira patala, ndipo minibasiyo mpaka lero ndi khola la nkhuku. Anati sadzabwereza. Ngolo imasulidwe, itsale pomwepa pansi pa mango, pikapu iwoloke yokha pang'onopang'ono.

Gregory anali atatulutsa kale foni. Anayendetsapo chala kangapo n'kunena kuti nzoona, apa alemba kuti injini ya dizilo ikamagogoda ikakoka katundu, ndiye kuti mabelingi a m'mimba mwake atha.

Lettie anayang'ana thunthu la mangowo. Panali chizindikiro cha matope a chaka chatha, chofika pachifuwa cha munthu wamtali. Ngolo ikatsala pamenepo, mawa injini ya bambo ake idzakhala ili pansi pa madzi, ndipo ulendo uno mwina mtsinje udzaigubuduza n'kukaisiya m'munda mwa munthu.

"Adokotala," anaitana, osatembenuka. "Tabwerani kuno."

Gregory anabwera kuseri kwa ngolo. Lettie anamuuza kuti akafunse agogo ake a Ipyana ngati kagetsi kofiira ka oyilo kanayaka pamene phokoso limamveka. Gregory anayang'ana mayiyo, n'kuyang'ana mkuluyo, yemwe anaima mapazi khumi okha kuchokera pamenepo, atafulatira, akuyang'ana minda. Anati, koma amva kale. Yunike anaseka mpaka kutsamwa utsi, n'kumuuza kuti kuno si ku Ntcheu, iye angonyamula mawuwo ngati mmene amanyamulira katemera.

Gregory anayenda mapazi khumiwo n'kubwereza funsolo. Yankho linali lakuti kagetsi sikanayake. Anabwerera n'kudzanena. Lettie anamutumanso: kodi m'kati mwa galimoto munkamveka fungo la utsi wa ekisozi? Limeneli Gregory anayankha yekha, kuti inde, maso mpaka amalira, iye amayesa ndi mmene galimotoyi imanunkhira masiku onse. Mkuluyo anatsokomola kawiri.

Funso lachitatu linali lakuti ndani wagwira injiniyi posachedwapa.

Mkuluyo anauza Gregory kuti mlungu watha, mafuta atasowa, anagula dizilo wa m'zigubu pa Songwe, ndipo anali ndi zinyalala. Makaniko wina wa pansi pa mtengo kumeneko anachotsa manozo onse anayi, timipope tija timalavulira dizilo m'injini, n'kuwatsuka. Koma pamenepo, anatero mkuluyo mawu akukwera, palibe chimene chinalakwika, chifukwa iwo anaimirira pomwepo osaphethira. Amakaniko amakono amakubera zitsulo zabwino n'kukuikira zabodza. Mnyamatayo anafuna kuikamo timawasha tatsopano ta m'kapepala, tochokera kutsidya kwa malire, iwo n'kukana. Chilichonse chimene chinatuluka m'galimotoyi chinabwereramo, ngakhale kamodzi sikanatsale pansi.

Lettie anapumira m'mwamba pansi pa chitenje chija.

"Mukawauze kuti si mabelingi," anatero. "Belingi imalira m'mimba, gu, gu, gu, ngati mtondo. Ili ndi phokoso la mpweya, likuthawira pamwamba. Kawasha ka mkuwa kamene kamakhala pansi pa nozo kakamangidwa kamodzi kamauma. Mukakabwezera osakafewetsa, sikatseka. Galimoto ikamayenda yopanda kanthu simumva. Lero yakoka, ndiye kabooka."

Gregory ananyamula mawuwo, koma panjira anawathira madzi. Anati mayi akuganiza kuti mwina, kapena, n'kutheka kuti si mabelingi kwenikweni.

"Sindinati mwina," anatero Lettie, akuyang'ana tayala la ngolo.

Mkuluyo anafunsa Gregory kuti munthu angadziwe bwanji matenda a injini ali kumbuyo, atafulatira, nsalu ili kumutu. Nanga akalakwitsa? Galimotoyi ndi imene imanyamula odwala a mudzi wonse, ndi imene inanyamula mayiyo pokabereka Ipyana. Ikafera pakati pa madzi apo, ndiye kuti chigayo chapita, galimoto yapita, mwinanso ndi anthu omwe.

Mawuwo anali oona, ndipo Lettie anadziwa kuti pakamwa pokha sangawagonjetse. Pankafunika kuti aone injiniyo, aigwire, ndipo wina akhale akuponda moto iye akumvetsera. Gregory sankadziwa kuyendetsa china chilichonse kupatula njinga yamoto. Woponda moto anali mmodzi yekha, ndipo ameneyo ndi amene Lettie sakanatha kuima pamaso pake. Padambo paja mnyamata wina ankawolotsa njinga, madzi akumulekeza m'katumba. Yunike anati iye apongozi ake anamwalira asanawaonepo, ndipo pamaliro pomwe anakhala kuseri kwa nkhokwe, ndiye asamuyang'ane iye, nzeru alibe.

Lettie anasuzumira pang'ono pansi pa mkono, n'kuona mphuno ya pikapu, yotakata, yoyera.

"Adokotala, mukawapemphe atsegule boneti. Akatero akakhale pachiwongolero, atseke chitseko. Boneti ikaima, iwo sandiona, ine sindiwaona."

Ulendo uno Gregory sanathire madzi. Ananena monga anamvera, ndipo anawonjezera yekha kuti ngakhale kuchipatala amatchinga nsalu, ntchito n'kumayenda.

Panapita kanthawi. Lettie ankangomva makala akuthetheka pambaula ndi ng'ombe zikulira kutali. Kenako jombo zinalira. Kachitsulo ka boneti kanati kwa, mahinjesi n'kulira, ndodo yake n'kulowa pabowo. Jombo zinabwerera, chitseko chinatsekeka.

Lettie anadumpha pangolo. Anamasula Ipyana n'kumupatsa Gregory, chitenje cha kumutu chija n'kuchimanga m'chiuno zolimba. Anakoka bokosi la bambo ake, n'kudutsa mbali ya kumanzere atawerama, nkhope ili kuminda, mpaka anafika kutsogolo. Boneti inaima pakati pa iye ndi galasi ngati khoma la nyumba.

Anayamba ndi oyilo. Anasolola kandodo koyezera, n'kupaka oyiloyo pachikhatho, n'kumuyang'anitsa padzuwa. Anali wakuda, koma wopanda tizitsulo tonyezimira timene belingi yakutha imasiya. Anauza Gregory kuti akaonetse chikhatho chake chomwecho kwa agogo, ndipo anamupaka oyiloyo padzanja. Gregory anapita nalo pawindo, dzanja lili m'mwamba ngati akulumbira kukhoti, mwana ali kudzanja linalo.

Kenako anati alize injini. Itangolira, Lettie anatenga chitsulo chachitali chomasulira matayala, nsonga imodzi n'kuigunditsa pansi pa injini, inayo n'kuikanikiza pafupa la kuseri kwa khutu, monga ankachitira bambo ake. M'mimba mwa injinimo munali bata, zitsulo zikuzungulira mosalala. Anakweza chitsulocho n'kuyamba kugunditsa panozo iliyonse. Yoyamba inali bwino. Yachiwiri bwino. Pa yachitatu khutu lake linalasidwa, tcha, tcha, tcha, ndipo atasuzumira anaona phula lakuda, lonyowa, litazungulira tsinde lake.

M'thumba la matewera a Ipyana munali kachidutswa ka sopo. Anakasungunula m'kapu ya Yunike, n'kuthira thovulo kuzungulira nozo yachitatuyo.

"Aponde."

"Akuti mupondeko, bambo," anatero Gregory.

Injini inabangula, ndipo thovu lija linafufuma, n'kuphulika, n'kumwazikira m'mwamba, kamodzi pa kugunda kunayi kulikonse. Gregory anaona ndi maso ake. Anathamangira pawindo n'kuyamba kufotokoza ndi manja, mwana akugwedezeka, mpaka mkuluyo anamulanda mwanayo kudzera pawindo pomwepo n'kumukhazika pamiyendo. Injini inazima.

Kwa nthawi yoyamba mawu a mkuluyo anamveka osadzera mwa Gregory. Ankayankhula ndi mwana wa chaka chimodzi, koma mokweza kuposa mmene mwana amafunira.

"Ipyana, tafunsa amako. Kawasha katsopano tikatenga kuti kuthengo kuno?"

Lettie anayankha akuyang'ana sipanala.

"Ipyana, uwauze agogo kuti komweko kakwana. Tikaphika."

Injini inali yotentha ngati chiwaya. Anakulunga dzanja m'thewera lonyowa, n'kumasula kapaipi ka dizilo ndi sipanala ya 17, n'kukankhira pambali kapaipi kobweza mafuta. Nozo yeniyeniyo inakana. Phula lija linali litaigwira ngati ulimbo. Anavalika sipanala yaikulu ya chigayo, n'kulowetsa mpope wachitsulo kuchigwiriro kuti italike, n'kuuza Gregory kuti agwire apa, akoke pang'onopang'ono, osagwedeza. Gregory anakoka. Palibe chinasuntha. Yunike anamufunsa ngati ku Ntcheu mbatata zija amangolima osadya. Gregory analuma mano n'kukokanso, Lettie akukankha mbali inayo, ndipo nozoyo inalira ngati chitseko chakale n'kutembenuka. Dzanja la Lettie linaterereka n'kukhudza chitsulo cha ekisozi. Khungu la pamkono linayera nthawi yomweyo. Sanalire. Analuma mlomo, n'kupitiriza kupotokola ndi zala mpaka nozo inatuluka.

Kawasha kanatsalira pansi pa dzenje. Anakawedza ndi sipoko ya njinga yopinda kunsonga imene bambo ake ankasungira ntchito yomweyi. Kanali kamphete kakang'ono, kosakwana n'komwe pachala chake chaching'ono, kouma gwa, ndipo mbali imodzi kanali ndi kanjira kakuda kamene moto unadzitsegulira. Anakapala pa sandipepa atamuyala pagalasi la foni ya Gregory, popeza panalibe china chosalala, mwini wake akuyang'ana kumwamba ngati akupemphera. Kanjira kaja katafufutika, anapita nako kwa Yunike.

"Amayi, sunthani chimanga."

Yunike anati mbaula yake yaotchapo zambiri, koma galimoto inali isanaotchepo. Anasuntha zisononkho, n'kuyamba kukupiza ndi chivundikiro cha poto. Lettie anakoloweka kamphete kusipoko n'kukaika pakati pa makala. Kanada, kenako kanachita ngati kabiriwira, kenako kanayamba kufiira. Anadikira. Munthu wina wodutsa ndi mbuzi paphewa anati madzi atsala chikhatho chimodzi kufika pamzere. Lettie sanadzutse mutu. Bambo ake ankati mkuwa ukauchotsa usanapse ngati phwetekere, wangotaya makala. Katafiira konse, mbali zonse mofanana, anakaponya m'kapu ya madzi. Kanati tswii. Gregory anati kasweka, chitsulo chamoto sachithira madzi. Lettie anakatola n'kumupatsa kuti akakande ndi chikhadabo. Chikhadabo chinasiya mzere. Kanali kofewa ngati katsopano.

Anapukuta dzenje lija ndi nsanza yomanga kusipoko mpaka pansi pake panawala, n'kutsitsiramo kamphete, n'kubwezera nozo. Anamanga ndi dzanja kaye, kenako ndi sipanala, akumvetsera m'mkono mmene mkuwa ukuphwanyikira pang'onopang'ono, n'kuleka pamene unasiya kugonja. Kapaipi ka dizilo anakamanga mosalimbitsa dala.

"Ipyana, agogo alize."

Injini inazungulira, n'kutsokomola, n'kugwira ndi miyendo itatu, galimoto yonse ikunjenjemera. M'galimotomo munamveka mawu a Chinkhonde amene Lettie anasankha kusawamva. Pakapaipi paja panatuluka thovu la mpweya, kenako dizilo weniweni. Analimbitsa natiyo, ndipo mwendo wachinayi unagwira. Kunjenjemera kunatha. Anathiranso sopo uja n'kuti aponde. Injini inabangula, thovu linangokhala phee, likutsetsereka lokha.

Koma galimoto yoima sinena zonse, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo. Phokoso lija linali la pokoka. Lettie anasonkhanitsa zitsulo, n'kubwezera chitenje kumutu, n'kuuza Gregory kuti atseke boneti iye akafika kumbuyo. Atakhala pabokosi lake, atafulatira, anamva boneti ikugwa. Yunike anakweza mbaula yake pangolo, makala atawakhuthulira m'matope, n'kukwera nayenso, akuti malonda a lero akwana.

Injini inkalira, koma galimoto sinasunthe. Pini yolumikiza ngolo inali pomwepo, pafupi ndi phazi la Lettie. Kuisolola inali ntchito ya mphindi imodzi.

"Ipyana," anatero mawu aja pawindo. "Madzi afika pamzere. Amako akuti bwanji?"

Lettie anayang'ana injini ya bambo ake, zingwe zitaikulunga, utoto wobiriwira utatsala m'makona mokha.

"Uwauze giya yoyamba. Asachotse phazi mpaka kutsidya."

Pikapu inanyamuka. Ngolo inagwedezeka n'kutsatira. Anatsika padambo, ndipo madzi anawalandira ndi mphamvu, ofiira, onyamula mapesi ndi nthochi zozuka. Anakwera mpaka pakati pa matayala, kenako kupitirira, n'kuyamba kunyambita matabwa a ngolo. Yunike anayamba nyimbo ya kwaya, n'kuisiya pakati. Ngolo inaterereka kumbuyo ngati ikufuna kutsata mtsinje, pini ikulira, ndipo dalaivala anaponda moto wonse umene galimotoyo inali nawo. Apa ndi pamene phokoso likanabwerera. Lettie anatseka maso, mkono wopsa uja ukugunda, n'kutchera khutu kupyola madzi, kupyola Yunike, mpaka m'kati mwa boneti. Anawerenga. Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Injini inkabuula ndi mawu amodzi, okhuthala, athunthu, ngati ng'ombe yokhuta ikukoka pulawo.

Matayala akutsogolo anagwira miyala ya kutsidya. Galimoto inatuluka madzi akuchucha, ngolo pambuyo pake, n'kuyamba chitunda cha kutchalitchi, chachitali kuposa chija chinayambitsa mlandu. Mkuluyo sanachotse phazi. Anthu amene anali atawoloka kale anapatuka, akuloza chigayo, amayi ena n'kuyamba nthungululu poona kuti mpunga wa chaka chino ukhala ndi kopunthira. Pakati pa chitunda hutala inalira kawiri, popanda munthu kapena mbuzi pamsewu. Yunike anagunda Lettie ndi chigongono n'kumuuza kuti hutala imeneyo apongozi amulizira iyeyo.

Pabwalo la tchalitchi, pansi pa mitengo ya mikesha, injini inazima. Kuchokera pamenepo dambo lonse linkaoneka. Mango aja anali ataima m'madzi, ndipo kupitirira apo, kumene kunali mudzi, madenga ankaoneka ngati mabwato ovundikira. Limodzi mwa madengawo linali la Lettie, ndipo m'kati mwake munatsala bedi ndi matumba awiri a chimanga amene sanapeze malo pangolo. Lettie anayang'ana kamodzi, n'kutembenukira zingwe, n'kuyamba kuona ngati madzi sanafike pa fyuluta ya injini yake. Panali pouma.

Gregory anabwera ndi mankhwala opaka ndi bandeji, n'kumanga mkono uja mosamala, akudandaula za galasi la foni yake. Ali mkati momanga, jombo zinalira kuseri kwa ngolo. Lettie anagwetsa chitenje kumaso n'kutembenukira kumpanda. Jombozo zinaima patali pang'ono, ndipo anadziwa kuti nawonso afulatira, chifukwa mawu awo ankapita kutchalitchi.

"Ipyana, iwe ndiwe mboni. Ukauze abambo ako akabwera kuti ku Chiweta kuja ndinalibe munthu wa makutu." Anatsokomola. "Ndipo uwauze amako kuti ndagha. Ndagha fijo." M'Chinkhonde ndiko kuti zikomo, zikomo kwambiri.

Lettie anagwada pomwepo paudzu, nkhope ili kumpanda, n'kuwomba m'manja mofatsa katatu.

Mkuluyo sanachoke. Anakankha mwala ndi jombo, n'kuuzanso mwanayo kuti pali nkhani ina. Timawasha tija tinali tinayi. Tatsala titatu. Ngati amake ali ndi mpata Loweruka, iwo atsegula boneti m'mawa n'kukakhala pachiwongolero ndi wailesi yawo.

"Ipyana," anatero Lettie, "uwauze agogo kuti Loweruka ndilipo. Koma ulendo uno agule tatsopano ta m'kapepala tija. Makala a amayi Yunike ndi a chimanga."

Yunike anaseka mpaka kukhala pansi. Kuseri kwa ngolo kunamveka kutsokomola kouma kuja, kamodzi, kenako kawiri, kenako kunasanduka chinthu china chimene Lettie anali asanachimvepo pa zaka zitatu zonsezo. Apongozi ake ankaseka. Anamvetsera bwinobwino, monga amamvetserera injini yachilendo, kuti mawa akadzakumva kuseri kwa mpanda adzakuzindikire. Kenako anadzuka, n'kuitana anyamata a kwaya amene anaima chapafupi kuti abwere ndi matabwa awiri, chigayo chitsike dzuwa lisanapendeke.